Masiku Awiri Amayi Asanauzidwe

Foni ya amalume inali yakuda, yong'aluka pakona, ndipo ankaimanga ndi kalabala kuti batire isagwe. Anawatumizira ndi abambo anga kuchokera ku Joni. M'mudzi mwathu, chakumtunda kwa Nkopola, mafoni analipo kale, koma yoonetsa zithunzi bwinobwino inali imeneyo. Amalume ankayenda nayo kumanja, osati m'thumba, kuti wosaona aone.

Chinali chilimwe, ine ndili ndi zaka khumi. Mchenga unkaotcha mapazi, ndipo mango tinkadya aawisi ndi mchere mpaka milomo kusupuka. Abambo anali atatha zaka zinayi ku Joni. Nkhope yawo ndinkaidziwira pa foniyo, m'mutu mwanga inali itayamba kufufutika.

Amayi analibe foni, ndipo kuwerenga sankadziwa. Koma pa nkhani ya maliro anthu ankawadalira. Kwathu uthenga wa imfa sauperekera chiimire. Wotumidwa amafika, kukhala pansi, kupempha madzi akumwa, kufunsa za ana, kenako n'kunena kuti matenda aja akula, ngakhale munthuyo sanadwale. Mawu enieniwo amabwera pomaliza, dzanja lili kale paphewa. Amayi ankatumidwa kawirikawiri, ndipo ankati, “Munthu umamuuza utamukhazika.” Akamwalira mwamuna, otumiza uthenga kwa mkazi wake amakhala akuchimuna. Abambo kwawo kunali ku Chowe.

Lachiwiri lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza anthu ataunjikana pakhonde la golosale. Ndinadzipanikiza pakati pawo poganiza kuti ndi vidiyo ya mpira. Foni inkayenda dzanja ndi dzanja, ndipo mayi wina wogulitsa tomato anaitsitsira kwa ine osayang'ana kuti akupatsa ndani. Pachithunzipo abambo anali atagona chammbali pamsewu wa tara, nsapato imodzi itavuka. Galimoto inali itawagunda m'mawa womwewo. Wina anati, “Ndi mwana wawotu uyu,” foni inalandidwa, ndipo aliyense anapeza poyang'ana pena.

Amalume anandikokera kuseri. “Usakanene kanthu kunyumba. Akubwera anthu a ku Chowe.”

Sindinalire. Ndinapeza amayi akusenda chinangwa, anandituma nkhuni, ndinakatenga. Anandifunsa ngati ndadya kusukulu, ndinati eya. M'thupi ndinkamva ngati mwendo womwe waukhalira nthawi yaitali, woti ukautsina sumva kanthu.

A ku Chowe sanabwere. Ndinadzamva nditakula kuti iwo atatumiza chithunzi ndi mawu pa foni ya amalume, anaona kuti uthenga wafika, nayamba kulira kwawo komweko. Amalume nawo ankadikira mapazi a munthu, monga mwa mwambo, uku akuonetsa chithunzicho kwa aliyense wofunsa. Pagulu la achibale la pa foni anthu analemba Inna lillahi, mawu athu a pamaliro, mmodzimmodzi mpaka mzere kutalika. Lachitatu anzawo a ku Joni anawaika m'manda abambo, poti Asilamu sitichedwetsa maliro, ndipo chithunzi cha manda nachonso chinafika. Mudzi wonse unachiona, kupatula munthu mmodzi.

Tsiku limenelo amayi anapita kumjigo atavala chitenje chawo chofiira ndi ndolo. Azimayi anawapatukira kuti atunge koyamba, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo. Anabwera akuseka, ati lero andilemekeza, kaya ndalota chiyani. Ine ndinali nditatsalira ndi ndowa yanga, ndipo ndinamva zomwe zinanenedwa iwo atachoka. Ankati mkazi ameneyu ndi wouma mtima, mwamuna waikidwa lero iye ali pamjigo ndi ndolo, m'malo mokhala m'nyumba pa eda, kubindikira kwa mkazi wamasiye. Panalibe amene anafunsa ngati alipo anapita kukawauza. Aliyense anali ataona, ndiye aliyense ankayesa kuti nawonso anaona.

Lachinayi masana ndinapita kumadrasa. Amwalimu anali atangobwerako ku Namwera, ndipo nkhaniyo anaimvera m'minibasi. Atandiona pamkeka anaima pakhomo.

“Iwe ukutani kuno? Kunyumba ali ndi ndani amayi ako?”

“Ali okha.”

“Akutani?”

“Akusinja.”

Anabweza ana onse, anaitana akazi awo, ndipo tinanyamuka atatu, ine patsogolo. Za panjira ndimakumbukira kulira kwa patapata wawo ndi fungo la usipa wouma pamathandala.

Titafika, amwalimu anachita zonse mwa dongosolo lake. Anapereka salamu, anakhala pansi, anapempha madzi. Akazi awo anakakhala pafupi ndi amayi, bondo kugunda bondo. Koma amayi ndondomeko imeneyo ankaidziwa kuposa wina aliyense. Amwalimu atangofunsa za ana, amayi anaika kapu pansi.

“Liti?”

“Lachiwiri m'mawa, chemwali.”

“Aikidwa?”

“Dzulo.”

Amayi anavula ndolo imodzi, kenako inayo, n'kuzipereka kwa akazi a amwalimu. Anakhala choncho akuyang'ana mtondo umene anausiya ndi chimanga. Ola lisanathe bwalo linadzaza, ndipo olira mokweza anali omwe aja a pamjigo. Amalume anafika akufotokoza za a ku Chowe, a ku Chowe anafika mawa lake akufotokoza za amalume.

Sindiwada anthu amenewo, ngakhale ndinayesapo. Sanali oipa. Anamva chisoni, anachilemba, ndipo chitalembedwa chinawachoka pamtima. Inenso lero uthenga wa maliro umandipeza ndikudya, ndimalemba pepani ndi chala chimodzi, n'kupitiriza kudya. Manyazi ndimachita, koma satenga nthawi.

Chithunzi cha pamsewu chija amayi anakana kuchiona. Amalume anabwera nacho kawiri, kawiri konse amayi anatembenukira kukhoma. Patapita sabata, anthu atabalalika, anandiitana m'chipinda momwe ankakhala pa eda. Kunja dzuwa linali phwee, malata akuthetheka. Anandikhazika pakati pa miyendo yawo n'kuyamba kundimasula tsitsi.

“Iwe akuti unaona.”

Ndinavomera, ndikudikira kukalipiridwa chifukwa chobisa. Sanakalipe.

“Anavala chiyani?”

“Jekete yachikasu.”

“Maso anali otseka?”

“Sindinaone bwino.”

“Panali munthu anawagwira? Ngakhale kumutu kokha?”

Ndinaganiza, pofuna kuyankha zoona. Ndinati panali miyendo yambiri ya anthu ataimirira mozungulira, koma wogwada panalibe.

“Nanga wojambulayo anali patali?”

Apa ndinali ndi yankho labwino, ndipo ndinalipereka monyadira ngati m'kalasi. Ndinati ayi, anali pafupi kwambiri, pafupi ngati mmene takhaliramu, mpaka zipi ya jekete inkaoneka.

Zala zawo zinaima m'tsitsi langa. Kenako analira kulira komwe sanalire tsiku la amwalimu lija, mutu wawo uli pamsana panga. Ine ndinangokhala pomwepo, tsitsi lomasulidwa mbali imodzi, ndikudabwa kuti ndalakwitsa pati, poti ndimayesa kuti ndawauza chinthu chabwino: kuti abambo sanali okha.