Apongozi pa Kaliya

Ine ndinakulira ku Dedza, kumene njinga umaikwera theka la ulendo, theka linalo n'kumaikankha pachitunda. Ndiye boma litanditumiza kumwera kwa Mzimba kukagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi, matipate atangoyamba kumene, choyamba kundisangalatsa linali dambo. Anthu ake ndinadzawakonda pambuyo, mmodzi mpaka kukwatiwa naye.

Kuchokera pachipatala chathu chaching'ono kupita kumidzi imene ndinkachititsa sikelo ya ana kunali njira ziwiri. Ya kumtunda inali msewu wa miyala wolowera cha ku Champhira, umene galeda inkaukumbukira chisankho chikayandikira. Mabampu ake ankagwedeza mano, ndipo lole ya matabwa ikakudutsa unkafika uli mbuu ngati wochokera kuchigayo. Njira inayo inkadzera m'dambo, motsata ngalande zimene eni madimba anakumba kuchokera kumtsinje kuti azithirira anyezi ndi tomato wokagulitsa pa Jenda. M'dzinja dambolo sunkaliyerekeza. Koma m'chilimwe dothi lake linkauma gwa, lopanda chitunda n'chimodzi chomwe, moti unkangoponda pang'ono njinga n'kumadziyendera. Zovuta zake zinali maenje a ziboda za ng'ombe, mchenga wa pafupi ndi mtsinje, ndi maulalo a mitengo yogoneka pangalande. Pamaulalopo ndinkatsika nthawi zonse. Sindinali munthu wodzionetsera.

Mwamuna wanga anali wa komweko, koma ankacheka matabwa ku Viphya, kubwera kunyumba mwezi ukatha. Malowolo atatha ndinakakhala pamudzi pa makolo ake. Kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi. Kuno ndinali mkamwana, mkazi wa mwana wawo, ndipo umkamwana unali ndi malamulo ake. Apongozi aamuna sindinkayang'anana nawo m'maso, sindinkakhala nawo pafupi, kukhudzana ndiye osatchula n'komwe. Ndikakumana nawo panjira ndinkatsika panjinga, kupatukira m'udzu, kugwada, iwo n'kudutsa akuyang'ana kumbali ngati aona chinthu chofunika kwambiri m'tchire. Akafuna kundiuza kanthu ankauza apongozi aakazi, ine ndili pomwepo ndi makutu anga awiri. Ndinkadandaulira mwamuna wanga kuti yunifomu ikutha m'mawondo, iye n'kumangoseka. Kwa eni kulibe mkuwe, ndinkagwadabe. Koma chinkandiwawa kuti sindinkadziwa ngati mkuluyo ankandikonda kapena ankangondipirira.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala kunagwa maliro kumudzi wa kutsidya, ndipo amayi ambiri sanabwere kusikelo. Ndinaweruka dzuwa lili paliwombo n'kulowa m'dambo. Munali zii, madimba onse opanda munthu. Nditayandikira dimba la apongozi ndinawaona atakhala m'mphepete mwa ngalande. Anatsalira kuti athirire anyezi kaye, chifukwa tsikulo madzi anali awo, kumaliro adzatsatira pambuyo. Ndinatsika monga mwa masiku onse. Ndikuti ndigwade, ndinaona kuti madzi a m'ngalande ndi ofiira.

Ankadula bango lotseka ngalande, chikwanje n'kuphonya, kukalowa m'mwendo m'munsi mwa bondo. Anali atagwira balalo ndi manja awiri, magazi akutuluka pakati pa zala. Panalibe munthu wachitatu woti alankhule naye, ndiye anayang'ana njinga yanga.

"Njinga iyi yilute ku nyifwa," anatero, "yikacheme wanalume."

Ankati njingayo ipite kumaliro ikaitane amuna. Kumaliro kunali kumbuyo kumene ndinachokera. Amunawo akanabwera wapansi, kenako kusaka ngolo, kenako kusaka ng'ombe zoikoka kubusa. Ine magazi ndimawadziwa. Otuluka motero sadikira ngolo.

Ndinavula chitenje chimene ndinamanga pamwamba pa yunifomu, kuching'amba, kuchiika paudzu pafupi nawo, n'kubwerera m'mbuyo. Nanenso ndinayang'ana njinga.

"Njingayi ikuti adada apinde nsalu imodzi aike pabala, inayo amange pamwamba. Akoke chomene."

Anamanga. Mfundo yake sinandikhutiritse, koma magazi anachepa.

"Tsopano adada akwere pa kaliya."

"Yayi."

"Ndapota, adada."

"Yayi. Wanthu wati uli?"

Ankaopa zimene anthu anganene. Munthu wokwera pa kaliya m'njira ngati imeneyo amagwira wopalasa m'chiuno, ndipo tonse tinkadziwa. Apa mtima unandipsa. Ndinasiya kulankhula ndi njinga n'kuwayang'ana iwo, koyamba chikwatiwire. Anali ndi maso aang'ono, ofanana ndi a mwamuna wanga.

"Mukafera pano, mwana wanu ndikamuuza kuti chiyani? Kuti ndinagwada bwino?"

Anakwawa mpaka panjinga, n'kudzikoka pogwira chishalo ine nditalimbitsa mahandulo. Anakhala pa kaliya chotembenuka, nkhope kuloza kumbuyo, manja atagwira zitsulo za pansi. Anatenga chikwama changa cha sikelo n'kuchilowetsa pakati pa msana wawo ndi wanga.

"Mbwenu," anatero. "Yilute."

Msewu wa miyala unali pafupi, koma mabampu ake akanawagwetsa pakona yoyamba. Ndinatsata ngalande. Munthu wokhala chotembenuka amalemera moipa, sadziwa kuti kutsogolo kukubwera chiyani, ndiye amapendekera kolakwika. Ndinkachita kunena mokweza kuti dzenje, kumanzere, minga. Paulalo woyamba ndinazindikira kuti kutsika sikutheka, chifukwa ndikaima ndiye kuti mkulu agwa ndipo ndiyenera kumunyamula. Ndinaloza tayala pamtengo wapakati, kuponda, osayang'ana madzi. Mitengo inalira, tinaoloka. Maulalo enawo sindikuwakumbukira bwino.

Chimene chinkandiopsa ndi kukhala chete kwawo. Munthu wotaya magazi akayamba kusinza ndiye kuti zaipa. Ndinayamba kuwafunsa mafunso opanda pake.

"Dimba tadutsali n'la yani, adada?"

Ankandiuza mwini wake, ndi mmene munthuyo amabera madzi anzake akapita kutchalitchi. Lotsatira anati mwini wake ndi waulesi, anyezi wake ngati mikanda. Ndinadabwa kuti mkuluyo anali wamiseche yokoma chonchi, zaka zonsezi ine osadziwa. Ndinaseka ndili wefuwefu, thukuta likulowa m'maso.

Pamchenga wa kumtsinje matayala anatitimira. Ndinatsetsereka pachishalo mwapang'onopang'ono n'kumakoka njinga ndili pakati pake, miyendo uku ndi uku. Apa m'pamene chikwama chinagwa. Ndinachimva chikugwa, iwonso anachiona, poti ndiwo ankayang'ana kumbuyo. Palibe anatchula. Titatuluka mumchenga mayankho awo anayamba kufupika, kenako msana wawo unatsamira wanga, mutu n'kugona pakhosi panga. Chipewa chawo chinkandikanda khutu. Ndinachotsa dzanja limodzi pahandulo, kulipititsa kumbuyo, kuwagwira malaya. Ndinapalasa motero mpaka pachipatala, ndikupemphera m'Chichewa mokweza, opanda manyazi.

Anzanga a pachipatala anathamanga kudzawatsitsa. Anawaika diripi, koma adokotala athu anati mtsempha waduka, pafunika kuboma. Mwamwayi ambulansi inali panjira kuchokera ku Jenda ndi wodwala wina. Inatitenga. Uthenga unali utapita kumaliro, koma panalibe wachibale amene anali atafika, ndiye woperekeza ndinali ine ndemwe, ndi yunifomu yonyowa thukuta kumsana.

Kuchipatala cha pa Mzimba anawasoka, kuwapatsa magazi, dzuwa lisanalowe anali atatsegula maso ku wodi ya amuna. Ine ndinakhala pansi chakumiyendo kwa bedi, kuyang'ana kukhoma, poti tsopano panali anthu. Kunabwera namwino wachikulire, wolankhula Chichewa cha kumwera, wosatidziwa tonse awiri. Anaona bandeji, kuwagwira pamkono, kenako n'kundiloza ndi chibwano.

"Agogo, nthawi ya oona odwala yatha. Otsala muno ndi achibale okha. Mayiwa ndi ndani wanu?"

Ndinali nditayamba kale kudzuka kuti ndifotokoze kuti ndine mpongozi chabe, apongozi aakazi akubwera. Mkuluyo ananditsogolera. Mawu anali ofooka, koma anamveka mpaka bedi lachitatu.

"Ni mwana wane uyu. Mulekani."

Namwino anagwedeza mutu n'kupitirira. Ine ndinatenga kapu ya pa loka ngati ndikukatunga madzi, n'kukalira kumpopi.