Bambo Anga M'tebulo la Manambala

Ndinaganiza zochoka ku Thyolo tsiku limene a Kachingwe anandiponyera dengu. Iwo anali manijala wa minda pa esiteti yathu, munthu wobwera, wa nsapato zosadziwa matope. Ine n'kuti nditangokhoza mayeso a Fomu 4, bambo anga titangowaika kumene m'manda a antchito, kamsitu ka kutsidya kwa mtsinje komwe kunagonanso agogo ochokera ku Mozambiki. Ndinapita ku ofesi ndi setifiketi yanga kukapempha ukalaliki. Bwanayo sanaiyang'ane n'komwe.

"Ndiwe mwana wa Namakhwa?" anandifunsa. "Bambo ako ankathyola tiyi, iwenso thyola. Kapitawo, mpatseni dengu uyu."

Makalaliki anaseka, poti bwana akaseka onse amaseka. Dengulo ndinalisiya pakhonde pomwepo. Mu 1997 ndinakwera lole ya ku Joni, kunyumba ndikusiya mlongo wanga Esinati yekha, mumtima nditasunga dzina la munthu mmodzi.

Za ku Joni anthu amakamba zokoma zokha. Ine ndinafikira ku Pretoria, m'chipinda cha amuna ochuluka kuposa mabedi, ndipo ntchito yanga yoyamba inali yolondera pa kampani ina yojambula mapu. Ndalama yake inali yongokwanira lendi ndi buledi. Ikatsala ndinkapatsira madalaivala opita ku Limbe kuti akampatse Esinati, ena ankafikitsa, ena ayi. Chinkandipweteka kwambiri si njala koma Lamulungu. Anzanga akapita kokamwa, ndinkakhala pabedi n'kumayankhula ndekha Chilomwe chochepa chomwe ndinkadziwa, kuti mwina ndimve ngati m'chipindamo muli munthu wakwathu.

Pa kampanipo panali mayi wina wa ku Zimbabwe, a Rudo, amene anaona kuti mlondayu amakonda kusuzumira pa kompyuta. Anandiyankhulira kwa abwana kuti ndizithandiza kulowetsa mapu akale m'makina. Ndiwo anandiphunzitsa kuti chithunzi cha dziko chojambulidwa kuchokera kumwamba ndi timabokosi tokhatokha, kalikonse ndi nambala yake. Pomwe pali mitengo nambala imakhala ina, pomwe pali dothi loyera ina. Ukaiuza kompyuta, imatulutsa timabokosito n'kutindandalika m'tebulo: mzere uliwonse kabokosi kamodzi, X wake, Y wake, ndi nambala yake. X ndi Y ndiye adiresi ya kabokosiko padziko.

"Uzidula kaye malo omwe ukufunawo," ankatero a Rudo. "Ukatulutsa chithunzi chonse, tebulo lake udzakalamba ukuliwerenga."

Esinati ndinkayankhula naye pa foni ya pagolosale ina ya pa Boma, tikapanganiratu tsiku. Tsiku lina anandipatsa moni wozizira, kenako anangoti, "Achimwene, manda aja alambula. A Kachingwe akuti munda unali ndi gap, mpata wopanda mbewu. Adzalapo tiyi."

Ndinamufunsa ngati anthu anadandaula. Anati adandaule ndani, poti nyumba za ku kompaundi n'za esiteti. Ndinalephera kubwera chifukwa ndinalibe mapepala okhalira ku Joni, ndikanatuluka sindikanalowanso. Ndinalira ngati mwana, koma misozi itauma panatsala ukali wokhawokha. Dengu lija ndikanatha kuliiwala. Zothyola tiyi pamutu pa bambo anga, ayi.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinawafotokozera a Rudo zonse, ndipo anandithandiza kupeza zithunzi ziwiri za kwathu: chakale chojambulidwa pa ndege manda akalipo, ndi chatsopano cha setilayiti. Ndinazigwirizanitsa kuti zigonerane bwino, chifukwa manambala a mapu akale a kwathu ndi a GPS amasiyana, ukapanda kusamala umakaloza munda wa eni. Ndinadula kutsidya kwa mtsinje, n'kutulutsa matebulo. Pa chakalecho kamsitu kathu kanaoneka bwino, timabokosi takuda pakati pa tiyi. Pa chatsopanocho paliponse panali tiyi, kupatula timabokosi tingapo pakatikati tomwe manambala ake sankafanana ndi anzake. Ndinangoti ndi vuto la chithunzi. Mutu wanga unali pa a Kachingwe basi.

Tebulolo ndinalisunga zaka, ngati munthu wonola nkhwangwa mtengo asanauone. Mpata unabwera mu 2008. Esinati anandiuza moseka kuti antchito onse alandira magambutsi atsopano chifukwa kukubwera oyendera otumidwa ndi ogula tiyi akunja, odzaona mmene esiteti imasamalira anthu ndi malo. Ndinasiya ntchito, ndinagula GPS yakale, ndinakwera basi.

Ndinafika kwathu nditanenepa, nditavala jekete lachikopa lomwe Thyolo sankalifuna n'komwe. Esinati anali atakalamba kuposa msinkhu wake, zala zake zitada ndi utomoni wa tiyi. Nditamuonetsa matebulo anga sanasangalale.

"Achimwene, zisiyeni izi," anatero. "Ife tinazolowera."

"Iwe unazolowera. Ine ayi."

"Simukudziwa mmene tikukhalira kuno."

Sindinamumvere. Ndinaona ngati ndi mantha a anthu a pa esiteti omwe aja, oopa ngakhale chithunzithunzi cha bwana.

Oyenderawo ndinawadikirira pageti la fakitale. Wamkulu wawo anali mayi wa ku Kenya, ndipo atawerenga tebulo langa analamula kuti tonse tipite kumundako. A Kachingwe anali atameta mpala, mimba itatsogola. Sanandizindikire. Ndinawauza ndekha kuti ndine mwana wa Namakhwa, ndipo sindibisa, mmene nkhope yawo inasinthira ndinamva kukoma mpaka m'mafupa.

Tinayenda m'mizere ya tiyi, ine patsogolo, GPS m'manja. Manambala atafanana ndi a m'tebulo ndinadzutsa mutu. Patsogolo panga panali tiyi wamtali kuposa munthu, wosathyoledwa, wosadulidwa, ataima pakati pa munda wosalala. Anali timabokosi tija ndinkati ndi vuto la chithunzi.

"Iyi ndi mitengo ya mbewu, madam," anatero a Kachingwe, thukuta lili kamukamu. "Timaisiya dala. Si choncho, kapitawo?"

Kapitawoyo, a Mpheta, mkulu amene anathyolapo limodzi ndi bambo, anayang'ana pansi. Ndiye amene anawanamiza abwanawo zaka zonsezi kuti ndi mitengo ya mbewu, podziwa kuti munthu wa nsapato zoyera satsika m'galimoto. Mayi uja anawerama n'kulowa pansi pa mitengoyo, ine pambuyo. Pansi panali posesedwa bwino. Panali timitanda tamatabwa, makapu osweka, maluwa ofota m'chitini. Pa kamtanda kena panalembedwa ndi penti ya buluu: Namakhwa.

Chilambulireni mandawo, antchito anapangana mwakachetechete kuti tiyi wa pamanda sadzamugwira. Othyola ankamulambalala, odula ankamudumpha. Palibe anandiuza pa foni ya pagolosale, chifukwa pamenepo makutu amachuluka.

A Kachingwe anachotsedwa ntchito mwezi usanathe. Ndinapita dala kukaima pamsewu tsiku lomwe lole inanyamula katundu wawo, ndipo ndinawabayibitsa. Ena amati kubwezera sikukoma. Kwa ine kunakoma, ndipo mpaka lero sindiwamvera chisoni ngakhale pang'ono.

Esiteti inafuna kuonetsa ogula aja kuti yalapa. Inandipempha tebulo langa, ine ndinapereka monyadira. Anatenga X ndi Y wa timabokosi ta m'mphepete, anakhoma mapolo a simenti ndendende pomwe manambala analoza, anakulunga waya waminga, anaika geti ndi loko, ndi chikwangwani cha Chingerezi chonena kuti malowa ndi otetezedwa. A Mpheta anawapumitsa chifukwa chonamiza ofesi. Gulu la Esinati analisamutsira ku munda wina, kutali kuseri kwa fakitale.

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi ndinamutenga Esinati kuti akaone mpandawo. Ndinkayembekeza kuti mwina tsopano andithokoza. Geti linali lokhoma. Kiyi amasunga mlonda, ndipo mlondayo Lamulungu sabwera. Tinaima kunja. M'kati udzu unali utayamba kale kumera pomwe pankasesedwa paja.

"Taona," ndinatero, "palibenso adzawapondereze."

Esinati anagwira waya, kuyang'ana m'katimo nthawi yaitali.

"M'mawa uliwonse ndinkadzera pano ndi dengu langa," anatero. "Ndinkawadzutsa, kuwauza za ana, kusesa pang'ono, kenako kukathyola. Inu mwawapeza bambo, achimwene. Ife tinali nawo."

Anachotsa maluwa omwe anabisa m'chitenje, anayesa kuwaponya pamwamba pa mpanda, koma anakodwa pa waya. Tinawasiya pomwepo n'kubwerera ku kompaundi, iye patsogolo, ine pambuyo.