Phukusi Limene Ndinasunga M'firiji Magetsi Atazima

Anthu ena ndikawafotokozera nkhaniyi amati ndikukometsera, koma ine ndine munthu wamkulu tsopano, wa zidzukulu, ndinamirenji? Zinandichitikira ine ndemwe ku Mangochi, nthawi ija ya chipani chimodzi, ndipo maina sinditchula chifukwa ana a anthu ena a m'nkhaniyi alipo mpaka lero.

Bambo a kunyumba kwanga anali kalaliki wa boma, ndipo anawasamutsira ku Mangochi kuchokera kwathu ku Dedza. Tangoganizani munthu wozolowera juzi kufika kumalo koti ndiwo zophika m'mawa pofika masana zasasa kale. Nyumba imene anatipatsa inali ya magetsi, koyamba m'moyo wanga, choncho chaka chisanathe tinagwirizana zogula firiji. Mkangano unali pa mtundu wake. Bambo ankafuna ya palafini, chifukwa mnansi wathu wina, Msilamu wa golosale wobadwira komweko, anawauza kuti dzinja likafika magetsi akumeneko sadalirika, mphepo ikagwetsa polo limodzi mumadikira masiku. Ine ndinakanitsitsa. Ndinati ndanunkha palafini kuyambira ndili mwana, lero Mulungu wandipatsa nyumba ya magetsi ndiye ndizikapukutanso mwaye? Ndinaumirira mpaka bambo anagonja, tinagula ya magetsi, yoyera mbee, yaitali kundifika m'mapewa.

Pamzere wonse wa nyumba zathu firiji inali yathu yokhayo, ndiye mukudziwa mmene zimakhalira. Uyu wabwera ndi chambo kuti ndimusungire, uyo ndi nyama ya Lamlungu, wina ndi mankhwala a mwana. Sindinkakana, ndinkanyadira ndithu, ndipo mbiri ya firiji yanga inafika patali kuposa mmene ndinkaganizira.

Lachiwiri lina m'dzinja, bambo atapita ku Makanjira paboti ndi ntchito ya sabata yathunthu, galimoto inaima pakhomo cha m'ma teni m'mawa. Anatsika bambo wina wamkulu m'chipani kudera kwathu, munthu woti akamadutsa pamsika aliyense ankayamba kufufuza khadi la chipanicho m'thumba. Amuna awiri amene anali nawo ananyamula phukusi lalikulu ngati dzungu, lokulungidwa m'pulasitiki wakuda, pamwamba chiguduli, ndipo lomangidwa ndi waya mopingasa. Ndinagwada n'kuwalonjera. Iwo anayankha bwinobwino, anafunsanso za ana, kenako anati amva kuti ndili ndi firiji yabwino. Analowa okha kukhitchini, anatulutsa nsomba za anthu ndi shelefu imodzi, n'kuikamo phukusilo.

"Mayi, ichi musatsegule, ndipo musauze munthu. Ndibwera Loweruka."

Achinyamata a lero amandifunsa kuti bwanji simunafunse kuti muli chiyani. Ndikanafunsa ndili ndani? Masiku amenewo munthu wotere akati sunga, umasunga, n'kuthokozanso kuti wakuona.

Lachitatu masana kunabwera mvula ya mphepo yoopsa, ndipo ndili mkati motsekera mawindo ndinangomva firiji yati zii. Poyamba sindinade nkhawa, ndinati abwera madzulo. Sanabwere. Lachinayi m'mawa tinamva kuti mapolo angapo agwa kumsewu wa ku Liwonde ndipo okonza sakudziwa kuti amaliza liti. Nsomba ndi nyama za anthu ndinabwezera eni ake kuti akazikazinge kapena kuziwamba, koma phukusi lija ndikanalibwezera kuti? Kunyumba kwa mkulu uja ndinapitako, akazi awo anandiuza kuti achoka ndipo sananene kumene apita. Sindikanawafotokozera chimene ndabwerera, popeza ndinauzidwa kuti ndisauze munthu, ndiye ndinangoti ndimadzawaona, n'kubwerera.

Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa. Ndinanyowetsa ziguduli n'kufunditsa firiji yonse, ndinaletsa ana kuitsegula, ndinapita kumene ogula nsomba ankapeza madzi oundana koma nakonso magetsi kunalibe, onse anali atasungunuka. Pofika Lachinayi madzulo pansi pa chitseko cha firiji panayamba kudontha madzi ofiirira, kuyenderera pasimenti. Ndinakolopa, anadonthanso. Lachisanu kunayamba fungo. Ine ndakonzapo nkhuku, mbuzi, nsomba za mtundu uliwonse, ndipo fungo la ndiwo zowola ndimalidziwa, koma ili sindinathe kunena kuti n'la chiyani, mwina chifukwa cha mantha, kaya. Ntchentche zobiriwira zinadzaza pawindo, agalu a eni ake n'kumazungulira kuseri kwa khitchini.

Chimene chinandisokoneza mutu kwambiri n'chakuti sabata yomweyo kunkamveka manong'onong'o akuti mphunzitsi wina wa pasukulu yoyandikana nafe anatengedwa pagalimoto ndipo palibe amene akudziwa kumene ali. Inu mukanakhala ine mukanaganiza chiyani? Ndinkaima kutsogolo kwa firiji ndi pulayala ya bambo m'manja, kufuna kudula waya uja, kenako n'kuibwezera m'kabati. Ndikatsegula n'kupeza nyama ya mbuzi, ndalakwira lamulo pachabe. Nanga ndikapeza china?

Nditalephera kupirira ndinapita kwa mkazi wa mnansi wathu wa golosale uja, mayi wachiyao wodekha kwambiri amene tinkagwirizana ngati pachibale, n'kumuuza zonse. Ndinapempha kuti amuna ake andisungire phukusilo m'firiji yawo ya palafini kugolosale, usiku umodzi wokha. Anakawaitana, ndipo bambo aja atamva anati andikhululukire, sangaike m'firiji ya malonda awo chinthu chimene sakuchidziwa, chikhoza kukhala haramu, choletsedwa pa Chisilamu. Zinali zomveka, koma maso awo ankayang'ana kumsewu nthawi yonse imene ankalankhula. Pondiperekeza, mkazi wawo anandigwira dzanja n'kundiuza ndi Chichewa chake chosakaniza kuti ndisayerekeze kutsegula, chifukwa chimene sindinaone sangandifunse, ndipo nayenso sanamve kalikonse kwa ine.

Ana ndinakawasiya kwa amayi ena a kutchalitchi kwathu, ndinanama kuti m'nyumba mwafera khoswe.

Loweruka masana galimoto ija inafika, magetsi asanabwerebe. Ndinagwada pakhonde n'kuyamba kufotokoza za mvula, za mapolo, za ziguduli zonyowa. Mkulu uja sanandimvere n'komwe. Analowa, anatsegula firiji, ndipo fungo limene linatuluka linachititsa mmodzi wa amuna aja kuthawira panja kukasanza. Mkuluyo anawerama, kuyang'anitsitsa waya uja mfundo ndi mfundo, kenako ananditembenukira.

"Mwatsegula?"

Ndinalumbira kuti ayi. Anandifunsa kachiwiri, kachitatu. Apa m'pamene ndinaona chimene chimandizunguzabe mpaka lero: anali ndi mantha, thukuta lili kamukamu, munthu amene tonse tinkamuopa uja. Ankaopa ndani? Ndiye anandiuza pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana, kuti magetsi sanazime, kuti kudera kwawo magetsi sazima, koma firiji yangayo ndi imene ili yakufa, ndipo wina akandifunsa ndinene choncho. Ndinayang'ana babu lozima pamwamba pa mutu wawo n'kuvomera kuti inde bwana, magetsi alipo, firiji ndiyo yakufa. Anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza.

Sanatulutse phukusilo. Anauza amuna aja kuti anyamule firiji yonse ndi zamkati mwake zomwe, anaikweza m'galimoto, madzi aja akudonthera pakhonde langa mpaka kumsewu, anansi akusuzumira m'makatani koma wotuluka panalibe. Magetsi anabwera mawa lake.

Bambo atabwera kuchokera ku Makanjira anapeza pakona pamene panali firiji pali mbee, ndipo nditawafotokozera sanandikalipire, sanatchule n'komwe zoti ankafuna ya palafini. Anangoti tisaifunse firijiyo. Kwa miyezi ingapo galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu ndinkathamangira pawindo kukasuzumira. Firiji sinabwerenso, ndipo mkulu uja tikakumana kumsika ankandilonjera mwaulemu ngati sanalowepo m'khitchini mwanga. Patapita nthawi anangosowa pamalopo, ena amati anamusamutsa, ena amati anamuchotsa. Mphunzitsi uja anabwerera patatha chaka ndi miyezi, wowonda, wosalankhula zambiri, koma wamoyo ndi ziwalo zake zonse, ndipo tsiku limene ndinamuona ndinalira pamsewu, anthu osadziwa chimene ndikulirira.

Bambo mpaka anamwalira akukhulupirira kuti inali nyama ya m'tchire yophedwa mobisa, imene mkuluyo ankafuna kukapereka kwa akuluakulu ake, ndipo itawola anaopa kuchotsedwa pampando. Mnzanga wachiyao uja ankati zinali za mankhwala okhwimira. Masiku ambiri ndimagwirizana ndi bambo, chifukwa ndi maganizo amene amandilola kugona. Koma nyama ya mbawala munthu angamangire waya chonchija, n'kulanda firiji yathunthu?

Inu amene mukugula mafiriji masiku ano, musamangoona kuwala kwake musitolo, mudzifunse kuti magetsi akazima masiku atatu mudzatani ndi zimene zili mkatimo. Ndipo wina akabwera ndi chomanga kuti mumusungire, kaya ndi m'bale wanu, kaya ndi bwana, amasule muone. Akakana, muuzeni kuti firiji yanu ndi yakufa iye asanakuuzeni.