Mankhwala a ku Bama mumphika wa amayi

Anthu inu, izi sindinachite kumva, ndinaziona ndi maso angawa, nanga ine nkhalamba yotha mano ndinamirenji?

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha amuna anga anabwera kuchokera ku nkhalango za ku Bama, nadzakhala pachikamwini kwathu kufupi ndi Chipoka. Anzawo anabwera ndi malupanga ndi zipewa za Ajapani, koma iwo anatola kachitsulo kolemera, konga chinanazi chaching'ono. Pofuna kuti tisakagwire, anatiuza kuti ndi mankhwala oopsa amene ankawateteza ku zipolopolo. Ife mbuli zosadziwa n'kukhulupirira.

Mwana wathu woyamba atakwanitsa miyezi inayi anadwala, thupi moto, bere kukana. Tsiku limenelo bambo wake anali kugombe kusoka ukonde. Amayi anga, munthu wosamva za wina, anati chimene chinabweza mkamwini wamoyo kuchokera kunkhondo sichingalephere malungo a khanda, tichiphike mwana asambe madzi ake. Ndinakana ngati? Mwana akufa m'manja ukana chiyani? Ndine ndemwe ndinatsegula bokosi limene amuna anga ankasungiramo kachitsulo kaja, amayi n'kuponya kachitsuloko mumphika, natereka pamoto. Anati madzi awire mpaka atsale pang'ono kuti mphamvu ituluke, ndipo tinakhala pomwepo, ine mwana pamiyendo, iwo akusonkhezera nkhuni.

Madzi ali pafupi kuuma, amuna anga anatulukira. Paja mkamwini ndi apongozi sayang'anizana, ndiye anaima chapatali n'kundifunsa chimene chinkagogoda mumphika. Nditawauza, mayo ine, nkhope yawo sindidzaiwala! Anandiuza motsitsa mawu kuti ndinyamule mwana ndithawire kuseri kwa mlambe, osacheuka. Amayi anakana kusuntha, ati mankhwala sanapse. Pamenepo munthu amene ankapatuka m'njira akawaona anawagwira m'chiuno apongozi ake n'kuwaponyera uko ngati mtolo wa udzu, iwo akukuwa kuti mkamwini wapenga. Kenaka amuna angawo anapisa dzanja m'madzi owirawo, natulutsa chitsulo, nathamanga nacho kudambo. Ine kuseri kwa mtengo ndinamutseka mwana makutu. Ndinangomva phuu! nthaka n'kugwedezeka, matope kugwera pamadenga. Mankhwala aja linali bomba!

Anabwerera amoyo, koma dzanja lamanja litasupuka, ndipo zala zinapindika moti sanagwirenso nkhafi mpaka imfa yawo. Mwana anachira kuchipatala cha mishoni, lero ali ndi zidzukulu. Amayi sanapepese, koma kuyambira tsikulo ankawatsukira bala mkamwini wawo ndi manja awo, mudzi wonse ukuona.

Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu ndiye anawadzutsa amuna anga paukonde paja. Koma abambo inu, chinthu chakupha muzichitchula dzina lake lenileni pakhomo. Mayi amene mwana wake akufa amaphika chilichonse chimene mwamuuza kuti ndi mankhwala.