Nkhope ya Achimwene Ikukana Kuoneka

Ndili pamaliro a achimwene anga, koma m'bokosi mulibe thupi. Muli kompyuta yatsopano imene ndalumikiza ndekha, ndipo pagalasi loonera nkhope pali sikirini. Anthu afola kale mzere, amayi akuimba chapansipansi.

Ndikuyatsa. Nkhope ya achimwene ikubwera yodukaduka, timabokosi tobiriwira tadzaza pamene payenera kukhala maso. Vuto ndikulidziwa. Makinawa alibe khadi yapadera ya zithunzi, ndiye akufuna pulogalamu yake yoyenera, ija timati dalaiva. Ndikufufuta yakale, ndikuika ina. Sikirini ikuphethira kawiri, kenaka bii.

Akazi a malemuwo akundigwira mkono. "Alamu, chonde, ndingowaona kamodzi kokha."

"Dikirani pang'ono alamu, ikulowa."

Koma kamzere kosonyeza kuti ikulowa kaima pakati, ndipo kiyibodi yadzaza dothi lofiira. Adzukulu okumba manda afika ndi hamala. Wamkulu wawo akuti, "Bambo, dzuwa lapendeka." Akukhoma misomali, fani ya kompyuta ikuzungulirabe m'bokosimo.

Ndadzuka kutulo. Ndikuyesa kukumbukira maso a achimwene, sakubwera.