Tsiku Limene Anganga Sanathe Kudzinenera

Ndikawaganiza agogo anga aakazi, Abiti Mussa, amene tonse tinkawatcha anganga, chimene chimandifikira ndi fungo la utsi wa zitsononkho ndi kulira kwa supuni m'kapu yachitsulo, ine ndikutakasa mchere ndi soda wa therere m'madzi ofunda, iwo atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba yathu ku Ngokwe, mpango utakulunga mutu umene unalibenso tsitsi.

Ndinali mtsikana wa zaka khumi. Anganga anali atapezeka ndi khansa ya m'bere, ndipo pakatha masabata atatu ankakwera minibasi kudzera ku Liwonde kukalandira mankhwala a m'diripi ku Blantyre. Asanadwale anali mayi wa pakamwa. Akamakalipira mbuzi yolowa m'munda wawo wa thonje, mwini mbuziyo ankamva ali kwake.

Atabwerako ku ulendo wachiwiri, m'kamwa mwawo munabuka zilonda. Lilime linayera, nkhama zinkatuluka magazi, milomo inang'ambika. Nesi anali atawauziratu kuti zimenezi zimachitika: asiye mswaki, azipukuta mano ndi kansalu kofewa, aiwale tsabola ndi tiyi wotentha, azichukucha madzi amcherewo kangapo patsiku. Iwo sanaphonyepo chimodzi. Phala ndinkalikupiza ndi chivundikiro cha poto mpaka lizizire, iwo n'kumameza pang'onopang'ono, misozi ikutsika yokha.

"Izi n'zakutha, mwanawe," ankanong'ona. "Chilombo chenicheni chili apa." N'kuloza pachifuwa.

Kenaka kunabwera amalume Yusufu, mwana wawo woyamba, amene anali ndi golosale ku Balaka. Anawapeza akulavula madzi ofiira m'kabeseni, ndipo tsiku lomwelo anaitanitsa abale onse pakhonde.

"Mankhwala ochiza amawotcha munthu m'kamwa?" anafunsa amalume. "Anapita akudya okha, lero onani. Ku Blantyre sapitanso."

"Achimwene, bwanji tikafunse kaye kuchipatala?" anatero mayi anga, maso ali pansi.

"Tikafunse omwe awawotchawo?" Atatero anatembenukira kwa anganga. "Amao, nenani nokha. Mukufuna kupitanso?"

Tsiku limenelo m'kamwa munali mutatupa kuposa masiku onse. Anganga anayesa kutsegula pakamwa, koma m'malo mwa mawu munatuluka dovu losakanikira magazi, pamaso pa ana awo ndi akamwini omwe. Anatseka kukamwa ndi chitenje n'kuwerama ndi manyazi.

"Mwaona?" anatero amalume. "Akukana."

"Iyayi, akufuna!" ndinafuula ine. "Anandiuza kuti zilondazi n'zakutha!"

"Iwe, choka apa. Za akulu wazidziwa liti?"

Mayi ananditsina pantchafu, ndipo ndinachokadi. Pobwerera ku Balaka, amalume anatenga kabuku ka chipatala ka anganga n'kukaika m'thumba la malaya awo.

Patatha masabata awiri zilonda zinapola, monga nesi ananenera. Mudzi wonse unatamanda amalume kuti apulumutsa mayi awo. Mawu a anganga anabwerera, ndipo anakalipa, anatumiza uthenga ku Balaka katatu kuti kabuku kabwere. Yankho linali limodzi: "Mwachira, mukufunanso chiyani?" Mayi anga sanathe kupitirira mawu a mlongo wawo. Tsiku la diripi linadutsa, lina linadutsanso, mpaka anganga anasiya kuwerenga masiku.

Thonje la chaka chotsatira lisanathyoledwe, chotupa cha m'bere chija chinaphulika. Pamenepo ndiye kabuku kanapezeka msanga, koma kuchipatala anangowapatsa mankhwala oletsa ululu n'kuwabweza kunyumba. Anamwalira mwezi usanathe.

Sindikudziwa ngati diripi ija ikanawachiza, ndipo palibe amene angandiuze. Chimene ndikudziwa n'chakuti iwo ankafuna kuimaliza.

Amalume alipo mpaka lero, akalamba, ndevu zayera. Tikasonkhana pa sadaka yokumbukira anganga, amafotokozera adzukulu mmene anawalanditsira mayi awo kwa madokotala, ndipo anthu amagwedeza mitu. Ine ndimagwada, n'kuwathira madzi osamba m'manja, n'kuwaikira mbale ya mpunga patsogolo. Sindinawakhululukire, ndipo iwo sadziwa n'komwe kuti pali choti ndiwakhululukire.