Lenzi ya Armando ndi apongozi ake

Mpaka lero sindimvetsa chifukwa chake Armando ankakana kugula lenzi ina. Anabwera kuno kuchilumba kuchokera tsidya la nyanja, ku Cobue, mu 1997, ali ndi kamera ya filimu ndi lenzi imodzi yonenepa, yolembedwa 85 m'mphepete. Ankajambula anthu pafupi ndi msika wa ku Chipyela, ndipo filimu ikadzaza ankaitumiza pa sitima kuti akaitsuke ku Mzuzu.

Kutama zinthu sindinakuzolowere, koma lenziyo inkagwira ntchito yake. M'tchalitchi chathu chachikulu mumakhala kamdima ngakhale masana, ndipo ansembe sankalola fulashi pa mapemphero. Armando ankajambula ubatizo popanda fulashi, chithunzi n'kutuluka chooneka mpaka dontho la madzi pamphumi pa khanda. Koma zakumbuyo zonse zinkasungunuka ngati utsi, ndipo anthu ankadandaula.

“Ndaimira dala patsogolo pa tchalitchi, nanga tchalitchicho chili kuti?”

“Tchalitchi mumachiona tsiku lililonse, achimwene,” iye ankayankha. “Nkhope yanuyi munaiona liti?”

Lenziyo inali ndi khalidwe linanso. Inkakokera munthu pafupi kwambiri, moti kuti akwane m'chithunzi, wojambula ankayenera kuimira patali.

Mu 2001 Armando anafuna kukwatira Annie wa ku Mbungo. Poti pachilumba analibe wachibale, anandipempha kuti ndikhale nkhoswe yake. Ndinapitako kawiri. Malume ake a mtsikanayo sanavute, koma amayi ake, a Frances, anakana maulendo onse awiri.

“Aphunzitsi,” anatero, “munthu wopanda ukonde, wopanda munda wa chinangwa, wongokhalira kusuzumira anthu kumaso, ulemu angaudziwire kuti?”

Patapita miyezi ingapo amayi a mpingo anasoketsa yunifolomu yatsopano, ndipo aliyense anafuna chithunzi. Anaika mpando panja pa tchalitchi n'kumakhalapo mmodzimmodzi. Ine ndinalipo, ndinkalemba mayina. Itakwana nthawi ya a Frances, anakhala pansi nkhope ili gwa. Armando anaika kamera kumaso, anaona kuti duku silikukwana, n'kubwerera m'mbuyo. Anabwereranso, mpaka msana unagunda khoma. Kenako, poti wojambulidwayo anali atakhala, ananjuta kuti alingane naye.

A Cecilia, mnzawo wa a Frances, ndiwo anayamba kufuula.

“Taonani, amayi! Ayamba kale kuthawa apongozi! Kunjuta komwe, nkhope atabisa!”

Nthungululu zinamveka. “Takhalani chete, inu a Cecilia, mulibe manyazi?” anatero a Frances, koma milomo inawakanika n'kumwetulira, ndipo Armando anajambula pomwepo.

Poti bodza sindigwirizana nalo, ndinawatsatira a Frances n'kuwauza kuti chimene chinamubweza m'mbuyo mnyamatayo ndi lenzi.

“Zimenezo mukaphunzitse ana kusukulu, aphunzitsi. Ine ulemu ndimaudziwa ndikauona. Mubwere Loweruka.”

Sindinaonjezerepo mawu. Loweruka ndinapita, ndipo anavomera chithunzicho chisanabwere n'komwe kuchokera ku Mzuzu. Chitafika, anachipachika pabalaza, ngakhale ankati makwinya awiri a pamphumiwo si awo.

Ukwati unachitika chaka chotsatira. Armando anabwereketsa kamera yake kwa msuweni wa mkwatibwi, amene anaimira pafupi ngati akujambula ndi kamera wamba. Pa zithunzi zambiri panatuluka khutu la mkwati ndi theka la chophimba kumutu cha Annie.

Kuyambira pamenepo Armando anasunga mwambo wothawa apongoziwo mopitirira muyeso. Akakumana ndi a Frances panjira ankapatukira m'chinangwa cha eni ake.

Mu 2004 iye ndi mkazi wake anamanga katundu. Atafunsidwa kumene akusamukira, Annie anati afotokoza okha amuna ake padoko. Padokopo Armando anaimira kutali, monga mkamwini, n'kutsanzika injini ya boti lopita ku sitima ikulira. A Frances anamva Nkhotakota. A Cecilia akuti anamva bwinobwino Nkhata Bay. Ine ndinangoona pakamwa pakugwedezeka, ndipo boti linanyamuka.